Ndalama tasonkhazi: kabuliji kapena tiyambe ndi gombe?

Wapampando: Mwaswera bwanji ana a ku Mtandire nonse, a konkuno ndi inu muli kutali. Ndalama zija zafika poti titha kupangira chinthu chooneka. Maganizo abwera awiri, ena akuti timange kabuliji ka oyenda pansi pa khwawa lija ana amaoloka popita ku sukulu, ena akuti tiyambe talimbitsa gombe kumunsi komwe khwawalo likukathira mu Lingadzi, ndi miyala ya mmawaya ija, udzu wa vetiva ndi nsungwi. Zonse ziwiri ndalama sizikwana. Yankhulani mvula isanatipeze.

Achimwene a ku Joni: Buliji basi akuluakulu. Ife tikamatumiza ndalama timafuna chinthu choti tikabwera mu Disembala tichione ndi maso. Udzuwo mbuzi zidya sabata yomweyo

Mayi a Tadala: Ine ndili kumbali ya achimwenewa. Inu simumawaona anawa mmawa mvula ikagwa usiku, nsapato mmanja, makope mu jumbo pamutu, wamkulu kubereka wamng'ono madzi akulekeza mchiuno. Wanga wa sitandade 3 ndimangomuletsa ndekha, bola ajombe.

Bambo a Yamikani: Mayi a Tadala ndakumvani ndipo zikundikhudza, komano tisamange ngati anthu obwera dzulo. Febuluwale 2017 tonse tinalipo. Lingadzi inadzadza mmawa anthu akukonzekera zopita ku ntchito, madzi ofiira, akubwera ndi mitengo, mabigili, nkhuku, chimanga cha mmadimba chonse, mpaka inachita kubwera helikopita ya asilikali kudzachotsa anthu omwe anazingidwa pakati. Ine ndinaimirira kumtunda ndikuona nyumba ya zidina ikusungunuka kuyambira pansi, khoma kukhala pansi pang'onopang'ono denga la malata nkutsala likuyandama. Chaka chomwecho mu Disembala anzathu a ku Kawale, Biwi, Chipasula ndi Kaliyeka zinawaonekeranso ndipo kumeneko anthu anamwalira. Malo ambiri tamangapowa ife tikukula anali dambo, munali bango ndi nsenjere, madzi akasefukira amapumira mmenemo. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Nde mukaika buliji pa gombe loti chaka ndi chaka likugumuka, madzi adzangodya mmbali nkulisiya lokha pakati, ndalama zonse zapita.

Alamu a ku Phalombe: Pepani ndilowererepo ngakhale ndine mtengwa kuno. Kwathu napolo wa Malichi 1991 anatsika mphiri la Michesi ndi miyala yaikulu kuposa nyumba, midzi kukwiririka, anthu mazanamazana. Patapita zaka anthu anabwerera kumanga mnjira yomweyo poti amati zija zinatha. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anadzatikumbutsa, Phalombe, Mulanje, ndi ku Blantyre matope a mphiri la Soche kutsikira ku Chilobwe usiku. Chimandiopsa kuno anthu amati izo nzakummwera ife kulibe mapiri. Mapiri kulibe inde koma mtsinje ulipo.

Achimwene a ku Joni: Alamu pepani kwambiri. Komabe funso langa silinayankhidwe, mbuzi

Amalume a zomangamanga: Vetiva akakhwima mbuzi sizimufuna kwenikweni, vuto ndi miyezi yoyamba, timatchinga ndi minga. Mizu yake simayanza mmbali ngati ya kapinga, imalowa pansi molunjika mamita awiri kapena atatu nde imagwira dothi. Miyala ya mmawaya ubwino wake madzi amadutsa mkati, ikatitimira imapindika osasweka ngati khoma la simenti. Za buliji ndinene mosabisa, nthawi yatha. Zipilala timakumba chilimwe madzi ataphwa, kufika pa nthaka yolimba, ndipo pamwamba pake payenera kupitirira pomwe madzi a 2017 analekeza. Kuthira konkire mu Novembala pa khwawa nkutaya simenti. Pomwe vetiva ndi nsungwi zimafuna mvula yoyamba yomweyi.

Achemwali a ku Area 25: Komanso tisamangoona madzi ochuluka okha. Lilongwe yemweyu njala ya 2002 anthu anadya gaga ndi zitsa za nthochi, 2016 mipopi kuuma masiku madzi atatsika mu damu la Kamuzu ku Malingunde, 2024 ng'amba ija chimanga kupserera chisanamasule. Mitengo ya ku Dzalanyama komwe mtsinje wa Lilongwe umachokera ikuthera mmatumba a makala omwe tikuphikira ifeyo. Nthaka ikakhala yambee mvula imangothamanga pamwamba, dzinja kusefukira chilimwe kuuma. Nkhani yake ndi imodzi.

Mnyamata wa mchenga: Ndakhala ndikungowerenga koma ndikudziwa komwe nkhaniyi ikupita. Mukadzala nsungwi zanuzo mudzati tisakumbe mchenga, tisaumbe njerwa mmbali. Ife ana athu amadya fosholo yomweyo. Ndipo mchengawo amagula ndani, si mabwana omanga mipanda ku Area 47 ndi 49, ena muli pa gulu pompano. Musatipange ngati ndife tinabweretsa madzi

Bambo a Yamikani: Mphwanga palibe akukuthamangitsa. Koma iwe ukudziwa kuposa ife kuti pa kona paja mwakumba mpaka pansi pa gombe, pamwamba pali nyumba za anthu ndi zimbudzi, zikagwera mmadzi kolera ija ya 2022 ndi 2023 tiionanso. Tikhale pansi ndi amfumu, mutisonyeze nokha poti mungakumbe popanda kugwetsa gombe. Ntchito yotuta miyala ndi kumanga mawaya tikulembani inu nomwe, ndalamazo zitsale mmudzi.

Mnyamata wa mchenga: Zikakhala choncho ndiwauza anzanga, koma zilembedwe papepala

Mayi a Tadala: Zonsezi ndamva ndipo sindikutsutsa. Koma palibe wandiyankha, dzinja lino ana aoloka bwanji? Vetiva saolotsa mwana.

Msungichuma: Apa mayiwa akunena zoona. Bwanji tipatuleko pang'ono tilembe anyamata awiri odziwa khwawalo aziima pamenepo mmawa ndi poweruka, madzi akapitirira chizindikiro asaoloke aliyense ngakhale wamkulu, aziimbira aphunzitsi foni. Zotsalazo gombe. Buliji tiyambe kusonkhanso mu Epulo.

Achimwene a ku Joni: Ine mtima wanga udakali pa buliji. Mukalemba mu maminitsi kuti chilimwe chikubwerachi timangadi, ndipitiriza kutumiza ndipo ndiwauza anzanga kuno. Popanda apo zivuta.

Wapampando: Tilemba. Voti ikhala Lamulungu madzulo pompano. Koma Loweruka 7 koloko tikumane pa khwawa, Bambo a Yamikani mudzatisonyeze pomwe madzi a 2017 analekeza tipake penti yofiira pa makoma ndi mitengo, amalume mubwere ndi tepi. Ine ndidutsa kwa amfumu mawa, kalata ya ku khonsolo alembi ayambe lero. Anyamata a mchenga mubwere ambiri. Amene ali ndi penti yotsala kunyumba anene.

Mayi a Tadala: Ndili nayo theka la chitini koma ndi yabuluu, bulashi ndilibe