Ndithandizeni: ndikatsika njinga ndiyambe ndi liwiro lanji pa Ironman yanga yoyamba?

Moni akuluakulu. Ndakhala ndikungowerenga pano, lero ndati nanenso ndifunse. Ndimakhala ku Johannesburg, ndipo ndalembetsa Ironman ya ku Gqeberha, kuja tinkati Port Elizabeth. Aka ndi koyamba kuchita mtunda wonse: kusambira makilomita 3.8, kupalasa njinga makilomita 180, kenako kuthamanga 42.2. Madzi sindiwaopa, ndinakulira ku Nkhotakota. Njinganso ndaizolowera. Chikundisowetsa tulo ndi marathon ya kumapetoyo.

Chaka chatha ndinachita ya theka ku Durban, yomaliza ndi makilomita 21.1. Nditatsika njinga miyendo inali ngati si yanga, ndinkangoona ngati ndikukwawa. Kuyang'ana wotchi, mphindi 4:55 pa kilomita, pomwe ndinakonza zothamanga pa 5:30. Mumtima ndinati basi lero thupi lavomera. Anthu akukuwa m'mbali mwa msewu, ine ndikupitirira anzanga mmodzimmodzi. Pofika kilomita ya 13 katumba wa mwendo wamanja anakokana. Ndinaima nditagwira mpanda wachitsulo, chala chachikulu chitapindikira pansi mu nsapato. Mtsikana wina wothandiza pa tebulo anandipatsa kapu ya madzi, theka linatayikira pansi chifukwa manja ankanjenjemera. Makilomita 8 otsalawo ndinangoyenda, onse ndinawapitirira aja akundidutsa. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa mphamvu ndinali nazo, ndinangozimwaza ndi phuma.

Marathon payokha ndimamaliza pa maola 3:52, ndiye kuti pafupifupi 5:30 pa kilomita. Mnzanga wina akuti ndiyambe pa 6:00 ndipo ndisasinthe. Wina akuti 6:30, ndiziyenda pa tebulo lililonse la madzi. Zoyendazi ndi zomwe mtima wanga ukukana, ndimaopa kuti ndikangoyenda kamodzi miyendo sidzavomeranso kuthamanga. Chinanso, kuno tili pamwamba, mamita oposa 1,700, ndiye ndikatsikira kunyanja mpweya umakoma ndipo thupi limandinamiza. Kodi nditsate wotchi, kugunda kwa mtima, kapena mmene ndikumvera? Amene munamalizapo, chonde ndiuzeni zomwe munachita inuyo.

Yankho loyamba:
Achimwene, mwanena zambiri za kuthamanga koma za njinga mwangodutsapo, pomwe nkhani yagona pamenepo. Ku Gqeberha kuli mphepo yoopsa. Mukalimbana nayo kuti liwiro lisatsike, ntchafu zidzakhala zitapsa musanavale n'komwe nsapato zothamangira. Ine ndinaphunzira kutsitsa giya mphepo ikamachokera kutsogolo, ondidutsa n'kumawasiya apite. Ambiri ndinkawapeza madzulo akuyenda atagwira m'chiuno. Kudyanso muzidyera pa njinga pomwepo, pang'onopang'ono koma pafupipafupi, poti mimba imalandira bwino chakudya mukupalasa kusiyana ndi pamene mukuthamanga. Ku Durban kuja munadya chiyani pa makilomita 90 aja?

Yankho lachiwiri:
Alongo anga, ine ndili kumbali ya mnzanu wa 6:30 uja. Pa liwiro limenelo, osawerengera zoyendazo, mumaliza pa maola anayi ndi theka ndi timphindi, ndipo pa ulendo woyamba imeneyo ndi nthawi yoti munyadire. Makilomita 10 oyambirira wotchi ndiyo ikulamuleni, chifukwa miyendo imakhala ikadali ndi kamvekedwe ka mapedulo, imafuna kuponda mofulumira. Ndi zomwe zinakupusitsani zija. Kugunda kwa mtima muziyang'anako, koma kukatentha kumakwera kokha ngakhale simunawonjezere liwiro.

Za kuyenda musaope. Kuyenda kokonzeratu n'kosiyana ndi kuja kwa ku Durban. Ine ndimawerenga masitepe 30 pa tebulo, ndimwe mosatsamwa, ndithire madzi kumutu, ndikafika pa 30 ndanyamuka, osakambirana ndi thupi. Yambani pa tebulo loyamba lenilenilo, mukadali ndi mphamvu. Kuthamanga sikufika, alongo. Mukafika kilomita ya 30 muli bwino, pamenepo onjezerani momwe mungathere.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Achimwene mwandigwira, ku Durban ndinadya nthochi imodzi ndi gel mmodzi (kapaketi ka zotsekemera zopatsa mphamvu) basi, ndipo botolo lachiwiri ndinafika nalo lodzadza. Sindinaganizepo kuti vuto linayambira pamenepo. Loweruka lino ndipalasa maola anayi, kenako ndithamange makilomita 10 pa 6:30, ndiziyenda masitepe 30 pakatha makilomita awiri alionse. Achemwali, ndifunsenso: Coke wa pa matebulo uja mumayamba kumwa kilomita ya chingati? Ndinamva kuti ukangomuyamba suyenera kumusiya mpaka kumapeto, ndiye ndikuopa kumuyamba msanga.