Nyumba ya agogo ya nthawi ya atsamunda: tiikonze kaye kapena tigulitse momwe ilili?

Mdzukulu_wapaDoko

Moni nonse. Nkhaniyi yatigawanitsa pabanja, mwina kuno ndipeza nzeru.

Agogo aamuna anatisiyira nyumba kuno ku Mangochi, chakumtunda kwa boma, kufupi ndi pamene Shire amatulukira m'nyanja. Anaigula m'zaka za m'ma 1970 kwa mmwenye wina wa sitolo, nthawi ija amwenye ankauzidwa kuti asamukire m'mizinda ikuluikulu. Mmwenyeyo akuti naye anaipeza ilipo kale, yomangidwa ndi azungu a sitima za panyanja tawuni ino ikutchedwa Fort Johnston. Ndi ya njerwa zootcha, makoma onenepa moti tili ana tinkakhala pawindo n'kumadya mango. Zipinda zogona ndi zinayi, khonde lazungulira mbali zitatu, ndipo pabalaza pali malo osonkhapo moto wootha. Moto wootha ku Mangochi kuno! Azunguwo kaya ankaganiza chiyani. Koma kunena zoona, mu Okutobala dzuwa likamaswa mtengo m'katimo mumazizirira ngati mwayatsa fani.

Chimwalirireni agogo aakazi mu 2019 simugona munthu. Malata achita dzimbiri, chipinda chakumapeto chimadontha, mileme yadzaza kudenga, chiswe chadya mafelemu awiri a zitseko. Madzi atakwera mu 2024 anafika pamtengo wa mango, mapazi makumi awiri kuchokera pakhonde, ndipo chiyambire pamenepo khoma la mbali ya kumadzi limatuluka zoyera ngati mchere, pulasitala n'kumangoyoyoka.

Amalume akuti tigulitse basi. Achimwene anga a ku Johannesburg akuti tiyambe taika matailosi, mawindo a aluminiyamu, malata atsopano ndi pulasitala wa simenti nyumba yonse, kuti mtengo ukwere. Mmisiri amene anabwera naye mlamu wanga watchula K24 miliyoni. Ndiye pali dobadoba wina akuti tingolemba pa Facebook kuti ndi nyumba ya nthawi ya Mfumukazi Victoria, azungu adzachita kulimbirana. Ine ndine mphunzitsi wa pulaimale, ndalama zoterozo ndimangozimva pa wailesi. Amene munakumanapo nazo, titani?

Mmisiri_waNamwera

Aphunzitsi, musanagule thumba la simenti ngakhale limodzi, tengani msomali wa mainchesi anayi mukakande pakati pa njerwa, pamalo pomwe pulasitala wagwa. Mukaona pakuyoyoka dothi lofiira kapena zoyera zofewa, dziwani kuti nyumbayo anamanga ndi dothi kapena laimu, osati simenti. Nyumba zambiri zakale ndi zotero. Khoma lotere limamwa chinyontho kuchokera pansi, koma limachitulutsanso lokha mphepo ikamawomba. Mchere mukuuonawo ndi umene madzi amasiya akamauma.

Tsono mukalimata simenti mbali zonse ziwiri, chinyontho chimasowa potulukira. Chimakwera m'mwamba, mchere umaunjikana kuseri kwa pulasitala, njerwa n'kumafumbutuka m'kati inu mukuona penti yowala kunja. Pakatha mvula ziwiri kapena zitatu pulasitala amatupa, mukagogoda amalira ngati ng'oma, kenako amagwa atanyamula nkhope ya njerwa. Ndinaiwonongapo ndekha nyumba ya mtundu umenewu ndili mnyamata, mwini wake atandikakamiza, ndipo mpaka lero ndikamadutsapo ndimayang'ana kumbali. Matailosi nawonso chimodzimodzi: mukatseka pansi ponse, chinyontho chonse chimathawira kumakoma.

Ine ndikanayamba ndi denga, chifukwa nyumba imafera kumutu. Sinthani malata obooka okha ngati ndalama ndi zochepa. Kenako konzani ngalande kuti madzi a padenga asamagwere m'tsinde mwa khoma, ndipo dothi limene launjikana kukhoma zaka zonsezi mulichotse, pansi patsetserekere kunja. Pulasitala wovundayo mugwetse mpaka pamwamba pang'ono pa pomwe mchere walekezera, khoma likhale lamaliseche chilimwe chonse, mwera ulipite bwino. Pomata, laimu gawo limodzi, mchenga wosefa magawo atatu, ndipo muzinyowetsa pang'onopang'ono chifukwa kutentha kwa kwanuko laimu akauma mothamanga amang'aluka. Anyamata a masiku ano amadana naye laimu chifukwa sagwira msanga, ndiye muwayang'anire, amathiramo simenti mukangotembenuka.

Mukakwera kudenga, palani pang'ono mtanda umodzi ndi mpeni mununkhize. Ukanunkhira, ungakhale mkungudza wa ku Mulanje, umene chiswe sichiufuna. Lero mtengo umenewu watsala pang'ono kutheratu ndipo kudula n'koletsedwa, choncho wina asakunamizeni kuti ndi matabwa okalamba ofunika kusintha, n'kuwakweza pa lole yake. Zitosi za mileme muyambe mwawaza madzi musanasese, mutatseka pakamwa ndi mphuno, fumbi lake limadwalitsa chifuwa. Mabowo mutseke usiku mileme ikatuluka. Ndipo siling'i ikakhala ya asibesitosi, osaidula ndi sowo kapena kuiboola.

K24 miliyoniyo ndi yomangira nyumba ina pamwamba pa nyumba yanu.

NaPhiri_Zomba

Bambo mmisiri anena za khoma, ine ndinene za mapepala, poti ndi pomwe ndinapsa. Tinkagulitsa nyumba ya malemu bambo athu kuno ku Zomba. Tinathira penti, tinasintha zimbudzi, wogula anapezeka, mtengo tinagwirizana. Loya wake atangoona kuti lizi, chikalata chobwerekera malo ku boma, ikadali m'dzina la malemu, nkhani inathera pomwepo. Zinatitengera pafupifupi zaka ziwiri kuti tilongosole, penti ija n'kuyamba kusuwa wogula wina asanabwere.

Ndiye achimwene, funso loyamba: papepala pali dzina la ndani? Ngati ndi la agogo, palibe mmodzi wa inu amene angasaine, ngakhale amalume. Pafunika kalata ya ku khoti yopatsa munthu mphamvu zoyendetsa chuma cha masiye, motsatira lamulo la chuma cha masiye la 2011. Muonenso kuti lizi yatsala zaka zingati, komanso ngati msonkho wa malo wa chaka ndi chaka unkalipiridwa, chifukwa ngongoleyo imakudikirani. Posintha umwini pamafunika chilolezo cha ku unduna wa za malo ndi chikalata cha ku bungwe lotolera misonkho la MRA. Za azungu olimbiranazo musazitengere: malamulo a malo a 2016, omwe anawasinthanso mu 2022, anakhwimitsa zogulitsa malo kwa anthu omwe si nzika. Funsani loya musanalonjeze mlendo aliyense.

China, achimwene anu a ku Johannesburg akatumiza ndalama zokonzera, mulemberane kuti ndi ngongole yodzabweza pogulitsa kapena ndi mphatso, aliyense asaine, amalume akhale mboni. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma ine ndinaliona likuthetheka pa nkhani ya matumba khumi a simenti.

Mtengo asakuuzeni dobadoba. Lipirani katswiri wovomerezeka wowerengera mitengo ya nyumba, akupatseni lipoti lolemba.

WokondaMbiri

Ndilowererepo pa za Victoria. Mfumukaziyo inamwalira mu Januwale 1901. Nsanja ya wotchi ija ili pafupi ndi mlatho anaimanga mu 1903 pomukumbukira, ndiye kuti ngakhale iyoyo si ya nthawi yake. Fort Johnston inayamba mu 1891 ngati linga la asilikali kutsidya kwa mtsinje, moyang'anana ndi kwa Mponda, boma n'kudzasamukira pomwe lili lero patapita zaka zochepa. Mukawerengera bwino, nyumba ya njerwa ya ku Mangochi kuti ikhale ya nthawi ya Victoria iyenera kukhala yomangidwa m'kati mwa zaka khumi zokhazo. N'zotheka, poti nthawi imeneyo sitima zinali pikitipikiti pamenepo, Guendolen ija mfuti yake ili pansi pa nsanja inalowa m'madzi mu 1899. Koma nyumba zambiri zimene timati "za atsamunda" ndi za m'mbuyo mwake, m'ma 1920 kapena 1930.

Musalembe chinthu chomwe simungachiikire umboni, wogula wodziwa adzakuchititsani manyazi. Yambani ku nyumba yosungira zakale ya Lake Malawi Museum konkuno, yomwe nayonso ili m'nyumba yakale ya kalabu ya azungu. Kukapanda kanthu, kosungira zikalata zakale za boma ku National Archives ku Zomba, kapena laibulale ya Society of Malawi yomwe ili pamwamba pa Mandala House ku Blantyre. Nyumba imeneyo ndi ya 1882, ya kampani ya African Lakes yomwe inkayendetsanso sitima panyanjapa, ndipo mukapitako muyang'anitsitse khonde lake ndi mafelemu, mufananize ndi kwanu. Mufunsenso ku nthambi ya boma yoona za zipilala ndi zinthu zakale ngati nyumbayo ili pa mndandanda wa zotetezedwa, chifukwa ikakhalapo simungangoisintha mmene mwafunira.

Pempho langa: mawindo a matabwawo ndi zotsekera zake zachitsulo musazule. Aluminiyamu ali paliponse.

Chambo_Fresh

Inu mukukamba za laimu ndi Victoria, koma tinene zoona: wobwera ndi ndalama akufuna malo a m'mbali mwa madzi, osati mileme. Mawa lake adzagwetsa n'kumanga loji. Ndiye kuthira mamiliyoni m'nyumba yoti ikagwetsedwa ndi chiyani? Tchetchani udzu, sesani, gulitsani.

Koma za madzi a 2024 musabise. Tonse tinaona malo ogona alendo atamira kuyambira ku Nkopola mpaka uko, ndiye aliyense wogula masiku ano amayamba wafunsa anthu oyandikana nawo kuti madzi analekeza pati. Bola muwalozere nokha mtengo wa mangowo.

Mmisiri_waNamwera

A Chambo, wogwetsa alipo, sindikukana. Koma nyumba yodontha amaigula pa mtengo wa bwinja, n'kukuchotseraninso ndalama zogwetsera. Youma, ya denga labwino, mumakhala ndi ogula a mitundu iwiri, ndipo ikachedwa kugulidwa mutha kuikamo munthu wa lendi. Nyumba yogonamo munthu chiswe chimaonekera msanga.

Mdzukulu_wapaDoko

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Loweruka ndinapitako ndi msomali wanga. Bambo mmisiri, pakati pa njerwa ndi dothi ndithu, lofiira, kunja kokha ndiye anamata zoyera. Chandidabwitsa n'chakuti pomwe payoyoka kwambiri ndi pamene agogo anazigamba ndi simenti kalekale, pozungulira chigambacho njerwa zadyeka ngati sopo. Kudenga ndinakwera ndi tochi, nditamanga mpango kumphuno. Mitanda ikuluikulu ndi yolimba ndipo ikununkhira nditaipala, yodyeka ndi timatabwa tating'ono tokhomerapo malata.

Mayi NaPhiri, munalosera. Mapepala tawapeza m'sutikesi yachitsulo ya agogo, pamodzi ndi makadi a chipani ndi malisiti a wailesi. Lizi ili m'dzina lawo, ndipo lisiti lomaliza la msonkho wa malo ndi la 2011. Amalume atamva kuti sangasaine okha anangoti kukamwa yasa, kenako akuti iwo ndiye mwini mbumba, khoti likudziwa chiyani za kwathu. Ndawapempha azakhali kuti akalankhule nawo, ine ndine mwana.

Achimwene ndawatumizira zonsezi pa WhatsApp. Za matailosi avomera kusiya, koma pa mawindo a aluminiyamu akanirira, akuti a matabwa ndi a umphawi. Tagwirizana kuti ndalama atumize mwezi uno zipite kwa loya ndi ku malata a chipinda chodonthacho mvula isanayambe. Dobadoba uja ndamuuza adikire, ndipo wandiyimbira kale kanayi.

Funso lina kwa bambo mmisiri: laimu wake ndi yemwe uja timapaka m'makalasi ndi m'mitengo ya pasukulu, kapena pali wina womangira? Ndipo ngati mumafika ku boma kuno, mungadzaone khomali ndi maso anu? Ya basi ndi nsomba ya nkhomaliro ndi za ine.