Zithunzi za m'bala zikutuluka ndi mizere, nkhope zobiriwira

Wa ku Moatize: Akuluakulu, ndithandizeni. Mwini bala wina akufuna zithunzi za pa Facebook, makasitomala akudya n'kumaseka, osati zochita kuwaimika. Mkatimo muli machubu oyera, mababu achikasu pakauntala ndi timagetsi ta LED tabuluu. Pa shata ya 1/250 ya sekondi, ISO (mmene kamera imamvera kuwala) 6400, lenzi ya 18-55mm, zikutuluka ndi mizere yakuda yopingasa, nkhope zobiriwira, nyama ya mbuzi ngati yagonetsa.

Wa ku Ulongwe: Mizereyo ndi magetsi achimwene, kamera ilibe mlandu. Magetsi athu ndi a 50 Hz, choncho chubu chimaphethira ka 100 pa sekondi. Diso siliona, koma shata yothamanga imagwira. Ikani 1/100, anthu akakhala phee 1/50. Ngati mukugwiritsa shata ya silent ija, izimitseni, imawerenga chithunzi mzere ndi mzere ndiye imangowonjezera vutolo. Jenereta ikayaka yesaninso, chifukwa siyenda ndendende pa 50.

Wa mumzinda wa Tete: Lenziyonso ikukugwetsani. Pa 55mm kabowo kake kolowetsa kuwala kamatsekeka kufika f/5.6 (nambala ya f ikakula, kabowoko kamachepa). Pezani 35mm kapena 50mm ya f/1.8, muike pa f/2: kuwala kumalowa kowirikiza ka 8, ISO yatsika kale pa 800 ndipo timadontho tangati mchenga tija tachepa. Koma pa f/2 lozani diso lomwe lili pafupi nanu. Tebulo la anthu anayi limafuna f/4, apo ayi awiri akumbuyo asanduka mizukwa.

Za mitundu musadzivute, kamera singakonze magetsi amitundu itatu nthawi imodzi. Pemphani mwini malo azimitse machubu a pamwamba pa matebulo omwe mwasankha, asiye achikasu okha. White balance (pokonzera mitundu mukamera) pa 3000K, jambulani RAW (fayilo yomwe kamera sinaikonze), ndipo chithunzi choyamba chikhale cha pepala loyera patebulo pomwepo kuti mudzakonzere zonse pakompyuta. Tabuluuto tisiyeni kumbuyo, timakometsa. Pankhope ndiye ayi.

Wa ku Moatize: Nanga fulashi? Denga lake ndi laudzu.

Wa mumzinda wa Tete: Udzu umameza kuwala, kotsalako n'kubwerera kofiirira. Tembenuzirani fulashi kukhoma loyera la kumbali kapena kumbuyo kwanu, mphamvu 1/32, muiphimbe ndi kapulasitiki ka mtundu wa lalanje kotchedwa CTO kuti ifanane ndi mababu. Kulunjika pankhope, ndi kutentha kwa Okutobala kuno, mphumi zimangoti nyezinyezi ngati mwawapaka mafuta ophikira. Chakudya yambirani 5 koloko madzulo pafupi ndi khomo, kunja kukadali kowala. Nsomba ya pende ijambulidwe ikuchoka pamakala, nthunzi ikadali tolotolo. Botolo la mowa wa 2M lituluke m'firiji nthawi yomweyo, likachita thukuta lozetsani dzina lake kukamera.

Mayi wa ku Zóbuè: Bambo a ku Moatize, zonsezi n'zoona, koma musanakanize batani ganizani za yemwe wakhala pampandoyo. M'bala si onse amene anatsanzika kunyumba, ndipo si onse amene akhala ndi akunyumba kwawo. Ndime 79 ya Código Civil, buku la malamulo la kuno ku Mozambique, imaletsa kugwiritsa ntchito chithunzi cha munthu pamalonda iye asanavomere. Sankhani matebulo awiri kapena atatu, muwafotokozere komwe zithunzi zikupita, asayine, kenaka chokanipo. Pakatha mphindi 15 amakhala akuiwalani, kuseka kwenikweni kumayambira pamenepo, makamaka mbale ikamatera patebulo kapena chigoli chikalowa pa TV. Wokana mumusiye kumsana kwanu, ndipo yang'anani kalilole wa kumbuyo kwa kauntala, amaulula anthu omwe simunawaone.