Kunyamula acetone pa galimoto

Wopaka utoto: Akuluakulu, ndaoda madiramu awiri a acetone, mankhwala amadzimadzi otsukira zida. Ndiwatenge pa galimoto yanga yotseka kumbuyo?

Dalaivala wa thanki: Musayerekeze achimwene! Acetone ali m'gulu 3 la katundu woopsa, la zamadzimadzi zosachedwa kuyaka, nambala yake yomuzindikirira pa mndandanda wa United Nations ndi UN 1090. Nthunzi yake imayaka ngakhale kuzizire kufika pansi pa ziro, komanso ndi yolemera, imakwawa pansi mpaka kukapeza moto. Pezani galimoto yapululu, madiramu aimirire, atsekedwe bwino, muwamange zolimba.

Mayi wa mulabu: Potsanula, lumikizani diramu ndi chitini ndi waya wofika m'nthaka, kuti pasathetheke moto. Ine kamoto kongothetheka kanandiwaula nsidze, sindiiwala.

Wopaka utoto: Nanga chozimitsira moto?

Dalaivala wa thanki: Cha ufa chija. Fodyanso musiye kunyumba.