Free shipping ya tiyi wa pa intaneti, kodi ife a ku Chipata sitikulipira kawiri?

NaPhiri_Kalongwezi

Muli bwanji abale, ndithandizeni maganizo chifukwa nkhani iyi yandizunguza mutu. Ine ndimakonda tiyi wa masamba athunthu, makamaka oolong ndi green tea, ndipo kuno ku Chipata olo muzungulire mashopu onse mpaka ku Down Shops mungopeza wa timatumba ndi wakuda wogayagaya uja basi, ndiye ndinayamba kufufuza pa intaneti. Pali shopu ina ya ku UK imene pamwamba penipeni analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti free shipping, kutanthauza kukutumizira katundu ulere, ukagula zopitirira mapaundi 40, ine kusankha, kusankha, mpaka kuponyamo kapaketi kena kamene sindimakafuna n'komwe kuti chabe ndifike pa 40 paja. Nditangosankha Zambia pa adiresi, free uja anangoti zii, pamalo pake panabwera ndalama yotumizira pafupifupi yofanana ndi mtengo wa tiyi yense. Kutsika pansi ndi pomwe ndinaona timalemba ting'onoting'ono, ati zimenezo n'za okhala mu UK okha.

Kuti kuno ndi kutali sindikukana, ndege siiyenda ndi madzi. Chimene chikundiwawa n'chakuti mtengo wa paketi ndi umodzi kwa ine ndi kwa munthu wa ku Manchester. Manje ngati ndalama ya positi ya iyeyo anaibisa kale mumtengo wa tiyi, ndiye kuti ine ndikumusonkherako positi yake, kenako ndikulipiranso yanga yonse ndekha. Kodi chimenechi n'chilungamo? Kapena pali chimene sindikuona? Amene munaitanitsapo zinthu kunja ndiuzeni.

Wamalonda_pa_Kapata

Amayi, ine ndiyankha ngati wogulitsa, musandikwiyire. Kulibe chaulere pa malonda, onse timadziwa. Ine pa msika wa Kapata munthu akagula nyemba zambiri ndimamuikira mbasela, koma mbaselayo siigwa kumwamba, ndinaiwerengera kale m'mawa pokonza mtengo wa mulu, ndipo amene wagula kamulu kamodzi n'kupita naye walipirako mbasela ya mnzake osadziwa. Palibe amene anabwerapo kudzandiimba mlandu pa zimenezo. Mzungu wa tiyiyo akuchita zomwezo, akufuna mugule zambiri nthawi imodzi, ndipo inuyo mwavomera nokha kuti munaonjezera kapaketi kosafunika, ndiye kuti nyambo yake inagwira ntchito kkkk.

Makasitomala ake ambiri ali kwawo komweko, positi ya m'dziko mwawo ndi yotchipa, akhoza kuimeza. Ya ku Zambia akaimeza shopu atseka. Ine chomwe ndingamudzudzule ndi timalemba ting'onoting'ono tija, zimenezo anayenera kunena poyera munthu asanataye bandulo yake posankha katundu.

Clearing_Mwami

Ndalowererapo chifukwa ntchito yanga ndi ya mapepala a katundu pa boda. Asisi, poyamba mudziwe kuti tiyi wa masamba athunthu ndi katundu wovuta kutumiza, ndi wopepuka koma amadya malo. Makampani a ndege salipiritsa kulemera kokha, amayezanso bokosi, kutalika kuchulukitsa ndi mulifupi kuchulukitsa ndi msinkhu mumasentimita, kenako kugawa ndi 5000, chimene chatuluka amachitenga ngati makilo, ndipo pakati pa chimenecho ndi kulemera kwenikweni amakulipiritsa chachikulu. Tiyerekeze bokosi la 30 ndi 20 ndi 20, ndi 12,000, kugawa ndi 5000 ndi makilo 2.4, pomwe mkatimo mwina muli tiyi wosakwana kilo imodzi, zina zonse ndi mpweya ndi timabokosi tokongola ta malata. Ndiye mukaona mtengo wotumizira ukufanana ndi wa tiyi musathamangire kuganiza kuti wogulitsa akuba, nthawi zambiri ndi zimene naye akumulipiritsa. Mukamaitanitsa muziwauza kuti aike m'timapepala tomata tija m'malo mwa zitini, bokosi limachepa.

Chachiwiri, chimene anthu ambiri amaiwala mpaka foni italira kuti phukusi lanu lafika bwerani ndi ndalama. Free shipping siitanthauza kuti msonkho walipiridwa. ZRA, bungwe lotolera misonkho la ku Zambia, imawerengera dyuti pa mtengo wa katundu kuphatikiza inshuwalansi ndi thiransipoti, chimene timati CIF, kenako VAT, imene kwathu kuno ndi 16% pa katundu wambiri, imabwera pamwamba pa zonsezo pamodzi ndi dyuti yomwe. Ndiye kuti ndalama yotumizira ija nayonso imakhomeredwa msonkho, kaya yalembedwa padera pa invoisi kaya yabisala mumtengo. Apa ndiye ndikugwirizana nanu kuti wakutali amapwetekeka kangapo.

Ndiye pali kachigawo komaliza. Katundu wa pa ndege amatsikira ku Lusaka pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, kuchoka apo kufika kuno ndi makilomita opitirira 550 a Great East Road, kuwoloka Luangwa, Nyimba, Petauke, Katete. Ena akalemba kuti amatumiza ku Zambia m'mutu mwawo muli Lusaka basi, zotsalazo uona wekha, kaya kutuma wachibale akakuikire pa basi, kumenenso n'kulipira. Funsani musanalipire kuti mtengowo ukufika pakhomo ku Chipata kapena ukuthera ku Lusaka.

NaPhiri_Kalongwezi

Zikomo achimwene a ku Mwami, za kuyeza bokosi ndamva bwino. Koma bambo a pa Kapata sindikugwirizana nanu ayi. Kwa inu aliyense amene wagula zambiri mbasela amalandira, kaya wachokera ku Mchini kaya ku Chadiza simufunsa. Ine ndagula zopitirira 40 ngati wina aliyenseyo koma andikaniza chifukwa cha kumene ndimakhala. Sindikupempha kuti anditumizire ulere mpaka kuno, ndikungoti ndalama imene akanaononga potumizira munthu wa kwawo aichotse pa bilu yanga, yotsalayo ndilipira ndi mtima woyera.

Aphunzitsi_Katete

Mfundo ya amayiwa ndi yomveka ndipo mashopu ena amachitadi choncho, amalemba kuti ogula akunja akafika pa mtengo wakutiwakuti awachotsera ndalama zakuti pa positi, ena amakhala ndi malire awiri, otsika a kwawo ndi okwera a maiko akunja. Ndiye sizosatheka, ndi nkhani ya kufuna chabe, ndipo shopu imene sinaganizeko zimenezi ikungokuuzani kuti makasitomala a kuno siikuwawerengera.

Koma ndikufuna ndinene za mbali ina, chifukwa wina afunsa kuti nanga bwanji a ku China amalemba free shipping ya dziko lonse lapansi olo pa kanthu kotchipa. Gawo lina la yankho ndi mapangano a mapositi. Pali bungwe la Universal Postal Union, likulu lake lili ku Bern ku Switzerland, linayamba mu 1874, ndipo ndi limene limakonza ndalama imene positi ya dziko lotumiza imalipira positi ya dziko lolandira kuti ifikitse kalata kapena kaphukusi pakhomo. Kwa zaka zambiri China inali m'gulu la maiko olipira zochepa, ndiye kaphukusi kochoka ku Shenzhen kankafika ku America motchipa kuposa kochoka m'tauni ina ya ku America komweko. Amalonda a kumeneko anadandaula ndendende ngati mmene amayiwa akudandaulira, kuti tikusonkhera anzathu, mpaka boma lawo linaopseza kuti lituluka m'bungwelo ndipo mu 2019 maiko a m'bungwelo anakumana ku Geneva n'kusintha malamulo. Ndiye onani, funso la amene akulipirira mnzake positi lakanganitsapo maiko akuluakulu, si la ku Kalongwezi kokha.

Free ya mtundu umenewo nayonso ili ndi mtengo wake, ndi nthawi. Kaphukusi kamatha masabata ambiri m'njira, nthawi zina miyezi, ndipo green tea sakonda kutentha, akagona mu shedi yotentha mwezi wa October amafika atatha fungo, kukoma ngati udzu wouma. Tiyi ngati pu-erh wa ku Yunnan ku China ndi amene sadandaula za ulendo wautali chifukwa amapangidwa kuti azisungika zaka. Ndiye kwa ine ndi bwino kulipira positi yodziwika yokhala ndi nambala yolondolera kusiyana ndi ulere umene sudziwa kuti katundu ali pati.

Mnyamata_wa_Mchinji_Road

Aaa koma anthu inu mwandiseketsa, mukuvutikira tiyi wa ku UK pomwe ku UK sikudziwika n'komwe ndi minda ya tiyi, iwonso amachita kugula ku Kenya, ku India, ku Malawi konkuno pafupi. Tiyi wambiri wa ku Thyolo ndi Mulanje amagulitsidwa kunja, wina kudzera pa okushoni ya ku Limbe, amapita ku South Africa ndi ku UK n'kukasakanizidwa ndi wina, kumuika m'bokosi lokongola, ndiye ife n'kumalira kuti atitumizire ulere tiyi amene mwina anamera kwa aneba athu. Lilongwe ili pafupi kwambiri ndi ife kuposa Lusaka, kunyamuka m'mawa kudzera pa Mwami masana wafika kale.

Ndipo musaganize kuti ndikunena tiyi wa ku Malawi wa Chombe yekha, ngakhale Chombe ndi mkaka ndi chigumu kwa ine palibe chomuposa. Ku Thyolo kuli esiteti ya Satemwa, inayamba mu 1923, amapanga green tea, oolong, white tea, zomwe azakhali mukufunazo, ndipo azungu omwewo amaitanitsa kuchokera kumeneko. Amene amapita ku Blantyre kukaoda katundu ndi ambiri, kuwatuma sikovuta. Komanso kwathu kuno tili ndi wathu wa ku Kawambwa ku Luapula, tisamaiwale.

NaTembo_Lundazi

Mphwanga wa Mchinji Road wanena zoona koma sanayankhe funso. Munthu akafuna sencha wa ku Japan kapena Darjeeling wa ku India sungamuuze kuti imwa wa ku Thyolo n'chimodzimodzi, si chimodzimodzi, dothi ndi kapangidwe n'zosiyana.

Ine ndili mbali ya NaPhiri. Chimene ndaona n'chakuti mashopu ang'onoang'ono, aja oyendetsedwa ndi munthu mmodzi kapena banja, ukawalembera imelo mwaulemu n'kufotokoza kuti ndili ku Zambia, ndafika pa malire anu a free shipping, kodi simungandichotsereko imene mukanalipira positi ya kwanuko, ena amavomera, ena amakana koma n'kukuponyeramo timasampulo, ena sayankha n'komwe ndiye umadziwiratu kuti ndalama yako ukaiperekere kwina. Akuluakulu aja kompyuta ndi imene imayankha, musataye nthawi.

China chimene ambiri sadziwa ndi VAT ya kwawoko. Katundu wochokera ku maiko a mgwirizano wa ku Ulaya wa EU kupita kunja kwa mgwirizanowo sayenera kukhala ndi VAT ya dziko logulitsa. Mwachitsanzo ku Germany masamba a tiyi ali pa 7%, ndiye mukagula ku shopu ya kumeneko yang'anani ngati mtengo watsika mutasankha Zambia, ukapanda kutsika funsani, chifukwa kupanda kutero mukulipira msonkho wa boma lawo kenako kudzalipiranso wa kuno. Ku UK zimenezi sizikuthandizani, masamba a tiyi kumeneko VAT yake ndi ziro kale. Ndipo musaiwale banki, khadi ikamasintha makwacha kupita ku mapaundi reti yake siikhala imene mwaona pa Google, ndiye powerengera muziikako kenakake pamwamba, mwinanso musankhe tsiku limene kwacha yagonako bwino.

Wamalonda_pa_Kapata

Chabwino amayi mwandigwira pamenepo, ine sindifunsa kumene munthu akuchokera. Komabe wa ku Chadiza akanena kuti ndimuperekeze ndi thumba mpaka kwawo, ya minibasi alipira yekha kkkk. Za kuchotserako pang'ono zija ndavomera, zimenezo ngakhale ine ndingachite kwa kasitomala amene ndikufuna abwerenso.

Clearing_Mwami

Ndionjezere kamodzi pa zimene anena amayi a ku Lundazi. Pa makampani a ndege kilo yoyamba ndi imene imadula kwambiri, zotsatira zimatsikirako, ndiye ngati muli atatu kapena anayi okonda tiyi yemweyo sonkhanani muitanitse bokosi limodzi, mugawane positi ndi msonkho molingana ndi zimene aliyense waoda. Koma invoisi ikhale yoona, musamuuze wogulitsa kuti alembe mtengo wabodza kapena kuti ndi mphatso, zikadziwika katundu amagwidwa ndipo chindapusa chake chimaposa chimene mumafuna kupulumutsa, komanso phukusi likasowa amakubwezerani potengera mtengo umene unalembedwawo. Onaninso kuti pa bokosi alemba nambala ya foni ya kuno yogwira, maphukusi ambiri amagona nthawi yaitali chifukwa chakuti mwini wake sakupezeka.

NaPhiri_Kalongwezi

Imelo ndawalembera usiku uno momwe anenera a NaTembo, akayankha ndidzakuuzani. Pakadali pano amene ali muno mu Chipata kapena ku Katete ndipo akufuna tisonkhane pa bokosi limodzi andipeze ku inbox mwezi usanathe, tizilipirana pa mobile money. Iwe wa Mchinji Road, ukamva wina akupita ku Blantyre undiuze, oolong wa ku Thyolo uja ndikufuna ndimulawe kaye paketi imodzi.