Zomwe tachita ndi kandalama ka makompyuta kaja

Abale, mwezi watha ndinafunsa kuti pa ofesi yathu kuno ku Harare tiyambe kukonza chiyani ndi kandalama kochepa komwe abwana anapatula. Ambiri munati ndisagawe mofanana, ndione kaye chomwe chikawonongeka tingalire nacho kwambiri. Ndinakumverani.

Tinakhala pansi ndi anzathu owerengera ndalama, pa chinthu chilichonse nkumafunsa kuti chingafe mosavuta bwanji, nanga chikafa titaya chiyani. Webusaiti yomwe abwana amainyadira ija inapezeka kumapeto kwenikweni. Itazima masiku atatu palibe angadziwe. Pamwamba panabwera seva (kompyuta yosunga mafayilo a ofesi) ya malipiro, momwe muli manambala a ziphaso ndi maakaunti a ku banki a aliyense. Ndinakaipeza pansi pa tebulo, fumbi lokhalokha, batire la UPS (chipangizo chopereka magetsi kwa kanthawi akazima) litatupa ngati mandasi. Backup (kope la mafayilo losungira tsiku la ngozi) yomaliza inali ya chaka chatha, pa disk yomwe inangosanjikidwa pamwamba pa seva yomweyo! Za kuzima kwa magetsi kuno mukuzidziwa nokha.

Ndalama zambiri zapita kumeneko: mabatire atsopano, backup ya usiku uliwonse, kope lina losungidwa kunja kwa ofesi. Ndayesa kubwezeretsa mafayilo Loweruka, zatheka. Abwana anasiya kukana nditawatchulira lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Cyber and Data Protection Act la 2021, lomwe a POTRAZ, bungwe loona za mapositi ndi matelefoni m'Zimbabwe, amayang'anira.

Pa makompyuta 8 a Windows 10, yomwe a Microsoft anasiya kuithandiza ndi zokonza za chitetezo pa 14 October 2025, tangosintha awiri a owerengera ndalama. Enawo adikira chaka chamawa, ngakhale mtima wanga sunakhale m'malo.