Zowonjezera pa funso la chakudya cha akatumbu a m'nyanja oyamwitsa

Nditafunsidwa kuti katumbu wa m'nyanja waubweya wambiri (wotchedwa Antarctic fur seal m'Chingelezi) amadya liti pamene akuyamwitsa, ndinangoyankha kuti amasinthanitsa ulendo wa m'madzi ndi kukhala kumtunda, koma nkhaniyi ili ndi zambiri zofunika kufotokoza.

Ku South Georgia, chilumba cha kum'mwera kwa nyanja ya Atlantic, katumbu wamkazi amabereka chakumayambiriro kwa December, ndipo amakhala ndi mwana pafupifupi sabata osadya chilichonse. Kenako amapita kunyanja kwa masiku angapo, n'kubwerera kudzayamwitsa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo amachita zimenezi kwa miyezi pafupifupi 4. Chakudya chake chachikulu kumeneko ndi tinkhanu totchedwa krill, ndipo amamira kawirikawiri usiku chifukwa ndi nthawi imene tinkhanuti timakwera kufupi ndi pamwamba pa madzi, choncho sawononga mphamvu zambiri potifunafuna. Ku Kerguelen, zilumba za kum'mwera kwa nyanja ya Indian, anzake amtundu womwewu amadalira kwambiri tinsomba towala mumdima.

Chimene ndikuona kuti n'chodabwitsa kwambiri ndi mwanayo, yemwe amasala kudya masiku onse amene mayi ake ali kunyanja, akudalira mkaka wamafuta ochuluka umene anayamwa. M'zaka zimene krill wachepa, maulendo a mayi amatalika, ndipo ana ambiri amafa ndi njala.